Bedi la Agya Fosu

"Lero lomwe? Munthu mwamung'amba diso m'mawa, masana azipita kwawo?" anakalipa Maame Pokuaa, mphasa ili m'khwapa, ndowa pamutu.

"A ng'ala sitigonekanso, mayi," anatero namwino.

"Masiku atatu."

"Ayi."

"Usiku umodzi basi, mwana iwe! Mpingo wonse ndauuza kale. Zaka zonsezi ndanyamulira odwala a eni msuzi wa mbuzi, wangayu asalaweko?"

Namwino anangowapatsa mankhwala odonthezera m'diso. Maame anakoka amuna awo, Agya Fosu, n'kukwera minibasi akung'ung'udza.

Madzulo amayi a mpingo anafika kuchipatala ndi mapoto. Anazungulira mawodi onse, Fosu osamupeza. Ku Kumasi kuno, munthu wolowa opaleshoni m'mawa n'kusowa pabedi madzulo, amayiwo ankadziwa malo amodzi okha komwe amapita: kunyumba yachisoni.

Analowa pampanda wa nyumba ya Agya Fosu akulira, manja ali kumutu.

Amene anatsegula chitseko ndi Agya Fosu, diso lili chimatire. "Wamwalira ndani?"

Amayi anabalalika, wina n'kusiya nsapato.

"Thawani bwino, alongo!" anakuwa Maame Pokuaa. "Koma mapotowo tulani pakhonde. Wodwala ndi yemweyo!"