Njuchi za M'gitala la a Bizwick

Panali munthu wina pa esiteti ina ya tiyi ku Mulanje, dzina lake Chester. Izi zinachitikadi, m'chaka cha 1984. Bambo ake, a Bizwick, anali ndi gitala la magetsi limene anabwera nalo kuchokera ku migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela. Lamlungu masana ankaimba m'holo ya pa esiteti ndi mnzawo a Pilato, iwo gitala, a Pilato mawu.

Gitalalo linali ndi vuto. Akangolilumikiza ku magetsi linkalira lokha ngati njuchi m'phanga, ndipo nthawi ya mvula linkawagwira shoko m'zala. Chester anawauza kambirimbiri kuti likakonzedwe. Iwo ankangoti lisadzatsegulidwe, osanena chifukwa. Kunena chifukwa kunkawavuta chiyani?

A Bizwick anamwalira mu Febuluwale. Anzawo a ku fakitale anagwirizana zodzawakumbukira m'holo muja, Chester agwire gitala, a Pilato aimbe nyimbo ya malemuwo imene sinajambulidwepo kulikonse.

Amalume ake a Chester, a Moffat, amene a Bizwick akudwala kuchipatala sanapondeko n'komwe, ndi amene anayamba kulamula. Anati kudzabwera mabwana ndi atcheyamani a chipani, banja lisachite manyazi ndi chinthu chosokosa. Chester anatha masiku atatu osadziwa chochita. Akakumbuka mawu a bambo ake, ayi. Akakumbuka zala zawo zija, inde. Tsiku lachinayi analimangirira yekha panjinga mpaka pa Boma, kwa wokonza mawailesi wina wochokera ku Limbe.

Munthu uja anamasula nsambo, anatsegula, n'kuseka. Anati mawaya ake ndi a nthawi ya chitaganya. Anachotsa zonse za m'kati n'kuikamo zatsopano, zakalezo anaponya kudzala.

Tsiku la chikumbutso holo inadzaza. Chester analumikiza gitala. Zii. A Moffat anamwetulira. A Pilato anapendeketsa mutu, kudikira.

"Mwanawe, njuchi zija zili kuti?"

"Tinakonzetsa, bambo."

"Mwakonzetsa chiyani? Bambo ako ankachunira nsambo pa kulira kumene kuja. Inenso mawu ndinkatolera pomwepo, zaka khumi ndi zisanu."

A Pilato anayamba nyimbo pamwamba, mawu anawathera panjira. Anayamba pansi, sinali nyimbo ija. Kachitatu anangotsegula pakamwa, kenako anakhala pansi, chipewa m'manja. Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi. A Moffat anauza atcheyamani kuti Pilato wangokalamba basi.

M'mawa mwake Chester anathamangira pa Boma kukafuna mawaya akale aja. Anapeza dzala atalitentha kale.

A Pilato anamwalira chaka chotsatira. A Moffat anakhala mpaka kukalamba, osapepesa. Wa mawailesi anati anagwira ntchito imene anapatsidwa, ndipo sananame. Gitala silinagwirenso munthu shoko. Ndiye analakwa ndani? Chester mpaka lero sadziwa. Mawu a nyimbo ija amawadziwa onse, koma poyambira pake palibe amene akudziwa.

Phunziro: Chinthu cha malemu musachikonze musanafunse amene ankachigwiritsa ntchito limodzi nawo, ndipo musamvere achibale amene amaonekera pamaliro pokha. Inunso akuluakulu, mukamaletsa chinthu muzinena chifukwa mukadali moyo, musatisiye tikufunsa manda. Tumizirani ena, makamaka amene bambo awo akalipo.