Bawuti Imene Inayendetsa Mkwatibwi Pansi

Inu amene mumati mkazi sagwira sipanala, werengani mpaka kumapeto, kenako mubwere mudzanditsutse pamaso.

Panali munthu wina wa ku Madzimoyo, dzina lake Fulansisi Jere. Titangolandira ufulu, anagula galimoto ya pikiapu kwa mzungu amene ankabwerera kwawo. Lachiwiri lina galimotoyo inagwa m'dzenje, mkono wachitsulo wogwira tayala lakutsogolo n'kupindika. Loweruka lake inayenera kunyamula mwana wake, Ketilina, kupita naye kutchalitchi pa ukwati wake.

Jere anafika pa galaja ina mu Chipata, ya mayi wamasiye, Esnat Soko. Mayiyo analowa kunsi kwa galimotoyo, nagogoda ndi hamala.

"A Jere, mkono wina ndili nawo. Koma mabawuti awiriwa agwidwa ndi dzimbiri. Ndiwakulunga ndi thonje loviika m'parafini ndi oyilo wakuda, ndiziwagogoda m'mawa ndi madzulo. Lachisanu amasuka, ndiikapo atsopano."

"Masiku atatu kumanga bawuti ngati chilonda? Kodi mwamuna palibe pano?"

"Ali kumanda. Nzeru zake anandisiyira, ndinawonjezapo zanga za Fomu 2."

Jere anaseka n'kuchoka. Pa depoti ya mabasi anakumana ndi mlendo wa ovolosi yatsopano, amene ankati anakonzapo magalimoto ku migodi.

"Bwana, ola limodzi basi," anatero mlendoyo.

Anawotcha mabawuti mpaka kufiira, nawathira madzi ozizira, nawakoka ndi sipanala yolowetsa m'paipi. Anatulukadi. Mkono wakale anauwongola ndi hamala, n'kubwezeramo mabawuti owotcha omwewo.

Jere anabwerera dala pa galaja paja akuliza hutala. Mayi Soko anasuzumira kunsi.

"Chitsulo chofiira mukachithira madzi chimathyoka ngati bisiketi. Musakwezemo mwana."

"Nsanje, amayi," anatero Jere.

Loweruka, potsikira kumtsinje, bawuti inathyoka. Tayala linapindikira mkati, galimoto n'kugwada ngati ng'ombe. Mulungu ndi wabwino, palibe anavulala. Koma Ketilina anayenda mamailosi anayi, nsapato kumanja, velo itafiira ndi fumbi. Pofika anapeza abambo mfumu atadikira n'kutopa, atanyamuka kukadzoza wodwala kutali. Ukwati unasunthidwa milungu iwiri, thobwa lonse linasasa, ndipo akuchimuna anafunsa ngati banja la a Jere limasunga mawu. Mlendo uja anali atawoloka kale malire a dziko pa Mwami.

Lolemba pikiapu inalowa m'tauni ikukokedwa ndi ng'ombe. Jere anaima pa galaja, chipewa kumanja.

"Amisiri, ndabwera."

"Nenaninso, a kumsika sanamve."

Ananenanso. Chidutswa cha bawuti chotsalira mkati chinatenga masiku asanu a thonje ndi parafini, koma chinatuluka. Pa ukwati wachiwiriwo mkwatibwi anafika velo ili mbee.

Phunziro: Dzimbiri la zaka khumi silichoka ndi ukali wa ola limodzi. Bawuti yowotcha musaibwezere, ndipo malangizo musamayambe mwawafunsa ngati avala thalauza kapena chitenje. Kopani kalatayi, mupatse aliyense amene ali ndi galimoto, makamaka amuna osamva.

Mukufunsa kuti ndazidziwa bwanji? Esnat Soko ndine. Ndinapatapo mbuzi yaikazi imodzi, matumba awiri a mtedza, mpando wakutsogolo pa ukwatiwo, ndi dzina la Amisiri, limene a Jere amanditchula mpaka lero atavula chipewa.