Kabokosi Kamene Kananamizira Achimwene

Panali munthu wina woimba gitala amene anzake ankangomutcha Kamphepo, chifukwa zala zake sizinkapuma pa nsambo. Gitalayo anamuphunzitsa ndi mkulu wake, yemwenso anamulera makolo awo atamwalira. Awiriwa ankaimba m'bandi imodzi: mkuluyo ankaperekeza nyimbo, Kamphepo n'kumaimba lidi, gitala yotsogolera nyimbo.

Tsiku lina pokwerera basi anakumana ndi bambo wina wa pakamwa pokoma. Bamboyo anatulutsa m'chikwama kabokosi kakuda ka mabatani ndi kagalasi kowala.

"Bwana, ma amplifaya onse akuluakulu okuzira mawu a magitala a akatswiri ali m'kati umu. Mungolumikiza gitala, basi. Zonyamula chimbokosi cholemera n'zachikale."

Kamphepo anagula pomwepo, osafunsa n'komwe kumene kachokera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mlamu wake, amene ankayang'anira zokuzira mawu za bandiyo, anakamvetsera kamodzi n'kupukusa mutu.

"Alamu, kanthu aka kali ndi vuto. Mukasankha mawu aukali a gitala n'kukwera pamwamba, kakumatulutsa kamluzu kachilendo."

"Inu ntchito yanu ndi mawaya," anatero Kamphepo. "Zoimba tisiyireni eni ake."

Mlamu uja anangoti chabwino, n'kupitiriza kukulunga mawaya ake.

Vuto linayamba pa pulakatisi, m'galaja momwe ankakumana masana. Kamphepo akakwera pamwamba n'kugwira noti yaitali, nyimbo inkasasa. China chake sichinkagwirizana. Koma munthu wogula chinthu chatsopano sakayikira chatsopanocho, amayang'ana wa pafupi.

"Achimwene, tachunani gitala yanuyo."

Mkulu uja anachuna. Anayambanso, zinasasa. Anasintha nsambo zonse, zinasasabe. Tsiku lina Kamphepo anaimitsa nyimbo pakati, pamaso pa wa ng'oma, oimba ndi aliyense.

"Achimwene, tisanamizane. Makutu anu anatha. Mukutichititsa manyazi, ndipo ine ndatopa kukubisani."

Mkuluyo anali atadandaulapo kale kuti khutu lake lina limalira chifukwa cha zaka zoimirira pafupi ndi masipika, choncho mawu aja anagwera pachilonda. Anaika gitala m'chikwama, n'kunena kuti, "Ngati zili choncho, mundikhululukire nonse." Anatuluka. Gitalayo anapatsa mwana wa neba, iye n'kubwerera ku ntchito yake yakale yokhoma mipando.

Zoona nyimbo zinakhalako bwino pang'ono, poti panalibenso gitala yachiwiri yoti kusasako kuwombane nayo. Kamphepo anayenda chotukumuka, akuuza anthu kuti chilungamo chimawawa koma chimathandiza.

Patapita miyezi, bandi inapita kukajambula nyimbo. Mayi wa ku situdiyo anamvetsera lidi ya Kamphepo, n'kukwinya nkhope. Anazimitsa zida zina zonse, n'kusiya gitala yokhayo.

"Bambo, tagwirani noti ya pamwamba ija, mukoke nsambo pang'onopang'ono kuti mawu akwere."

Kamphepo anakoka. Mawu a gitala anakwera, koma pansi pake panamveka kamluzu kena kakutsika. Atabweza nsambo, gitala inatsika, kamluzu kaja n'kukwera.

"Mwamva? Ameneyo si inu, si gitalanso ayi," anatero mayiyo. "Mabokosi awa amaduladula mawu n'kuwasandutsa manambala. Mawu aukali amabereka timawu tina tapamwamba kwambiri. Bokosi labwino limatisefa. Aka kanuka sikatha kutiwerenga, ndiye kamatibweza pansi ngati manoti abodza, osagwirizana ndi nyimbo iliyonse. Palibe munthu angachune gitala kuti igwirizane ndi zimenezi, olo atakhala mngelo."

Mlamu wa Kamphepo anali pomwepo pakona, akungokulunga mawaya ake, ndipo zimenezo zinamupweteka Kamphepo kuposa kutukwana.

Tsiku lomwelo anapita kwa mkulu wake. Anamupeza pashedi akupala thabwa, pensulo ili pakhutu, utuchi uli mbuu m'tsitsi. Kamphepo anagwada pa utuchipo n'kufotokoza zonse, misozi ili mbwembwembwe.

"Achimwene, makutu anu ndi abwinobwino. Kanali kabokosi kaja. Ndinakulakwirani. Tiyeni tibwerere, ndikugulirani gitala ina."

Mkuluyo anaika pansi chopalira.

"Ndiye kuti ndinkachuna bwino?"

"Bwino kwambiri, achimwene."

"Ukudziwa, mng'ono wanga, kuyambira tsiku lija ngakhale kutchalitchi sindiimba nawo. Ndimangoyendetsa milomo, kuopa kusokoneza anzanga. Mdzukulu wanga akandipempha kanyimbo, ndimati agogo atopa."

Kamphepo anatenga gitala yake yomwe anabwera nayo n'kuipereka m'manja mwa mkulu wake. Mkuluyo anaiyika pamwendo, anagwira kochunira, n'kukhudza nsambo imodzi. Anamvetsera. Kenako anabweza gitalayo kwa Kamphepo.

"Dzuka, ndakukhululukira, ndiwe mwana wa mayi anga. Koma ndikati ndimvetsere nsambo, ndikumamva iwe ukunena kuti makutu anga anatha. Pita nayo."

Anatolanso chopalira chake. Mpaka lero mkuluyo sanaimbenso.

Phunziro: Zinthu zikasasa, yambani mwafufuza chimene mwabwera nacho inuyo musanaloze chala mnzanu. Musakhulupirire mlendo wa pamsewu kuposa m'bale amene anakulerani, ndipo wokuchenjezani musamunyoze chifukwa choti ntchito yake ndi ina. Chipangizo choipa mungathe kutaya n'kugula china, koma mukamulanda munthu chikhulupiriro chimene ali nacho pa luso lake, pepani sabweza. Madzi akatayika saoleka. Tumizani nkhaniyi kwa oimba, a makwaya ndi abale anu onse, mwina ipulumutsa wina amene akunyozedwa popanda chifukwa.