Chikole cha Munda wa ku Mtiya

A Justus anakhala pamwala m'mphepete mwa munda, maso ali gwa pa zikhomo zofiira zomwe oyeza malo anakhoma. Sankalira, sankadandaula. Chimwalirireni mkazi wawo, a Consolata, mumtima munangoti zii, ngakhale chakudya sankachimva kukoma.

Mundawo sunali wawo. Iwo anali mkamwini, ndipo mkamwini mkazi akamwalira, chake ndi chikwama basi. Chimanga chomwe a Consolata anabzala ndi manja awo asanadwale chinali chisanafike n'komwe m'mawondo pamene a Prosper, mlongo wa malemuyo, anayamba kuitana ogula. Manyazi analibe bambo ameneyo! Wogula wina ankafuna kubwera ndi thirakitala sabata yomweyo, asalaze zonse, amange nyumba zogonamo ophunzira a ku koleji.

Kenaka kunatulukira a Stambuli, dobadoba wa malo wa ku Chinamwali, ati atumidwa ndi kampani ina ya ku Blantyre. Mtengo anatchula wonona, koma unali ndi mfundo zake. Kampaniyo inapereka chikole chosabweza kuti iyambe yaganiza kaye mpaka mvula itatha. Nthawi yonseyo malowo asagulitsidwe kwa wina, asakumbidwe, ngakhale phesi limodzi lisazulidwe. A Prosper anasayina mano onse ali pamtunda, wa thirakitala uja n'kumubweza.

Anthu ankawamvera chisoni a Justus. "Olemera alibe chifundo, bambo. Akagula, inu mulowera kuti?" A Justus ankangopalira, kubandira, madzulo n'kubwerera kunyumba.

Tsopano tsiku lomaliza la chikolecho linali litakwana. A Prosper anali kumsewu, atavala jekete la kutchalitchi, khosi lili m'mwamba kudikira galimoto ya ku Blantyre. Galimoto sinaoneke. Anangofika a Stambuli pa kabaza, n'kudzera kanjira ka kuseri, molunjika kwa a Justus.

"Bwana," ananong'ona a Stambuli, "tiwapemphe masiku ena? Koma penshoni yanu ija ndiye yonse inathera pa chikolechi."

A Justus anathyola chimanga chimodzi, n'kusenda makoko, n'kudinda njere ndi chikhadabo. Njereyo sinaboweke.

"Chauma," anatero. "Kawauzeni alamuwo kuti kampani yathu ija yasintha maganizo. Ine ndimangofuna kukolola chimanga cha mkazi wanga."