Chingwe cha Jombo

Ife ophunzira usilikali tikuguba kudutsa pa Linthipe, ndinaona amayi m'mbali mwa msewu akugulitsa kachewere, atavala chitenje chawo cha chipani chofwifwa chija. Ngakhale ndinali nditametedwa mpala, anandizindikira. Anadzuka nanditchula dzina.

Kwathu mwana sadutsa amayi ake ngati mlendo, ndipo sawalonjera ali chiimire. Koma pamzere sucheuka, suyankhula. Ndinangoguba, misozi ikulengeza.

"Imani!" anakuwa a Sajeni Chimkono, amene ankatikhaulitsa tsiku ndi tsiku. "Anselmo, chingwe cha jombo yako chamasuka. Gwada umange, chitsiru iwe."

Ndinagwada m'fumbi, pamaso pa amayi. Chingwecho chinali chomangika bwinobwino.

"Wawonda, mwana wanga," ananong'ona amayi.

A Sajeni anatembenuka n'kumayang'ana phiri.

"Usathamange," anatero. "Umange zonse ziwiri."