Khoma lachinayi la siteshoni

Tsiku lomaliza kuwaona bambo ake ali moyo, anawapeza akudula mawindo a siteshoni ya pepala ndi lezala, kasitima kawo kataima panjanji.

"Iwe wa ku koleji, tandigwirira khomali guluu aume."

"Koleji ndinasiya, bambo. Musandivutitse ndi zidole zanuzi," anayankha motero n'kutuluka.

Bambowo anaikidwa m'manda mu Epulo. M'chipinda chawo sanalowemonso, mpaka madzulo ena a mu Juni magetsi atazima, mayi ake atamutuma kandulo.

Fungo la guluu linamuchingamira pakhomo. Atayatsa kandulo, anaona siteshoni ija, imene inatsala ili mapepala osapinda, itaima pambali pa njanji. Makoma atatu anali chilili, lachinayi likupendama pang'onopang'ono. Analigwira ndi zala ziwiri, guluu n'kumunyowetsa.

"Ndagwira, bambo," ananong'ona.

Khomalo linaleka kunjenjemera, ngati wina walichirikiza cham'kati.

"Ukulankhula ndi ndani kumeneko?" mayi anafunsa ali kukhitchini.

Iye anangopitiriza kugwira khomalo. Guluu atagwira, anaitembenuza siteshoniyo, poti pansi pa kanyumba kalikonse ka pepala bambo ankalembapo tsiku lokamaliza. Kalembedwe kanali kawo, inki isanaume.

Pa 9 Juni.