Tebulo la Amayi

"Chotsani nkhaniyi," anatero mwini kampani. "Mwamulembayu ndi mnzanga."

Mtolankhani ananyamula laputopu yake. "Tsalani nayo nyuzipepala yanu, bwana. Ndikatsegula tsamba langalanga pa intaneti, kopanda wondigwira dzanja."

Ofesi yatsopano inali tebulo lodyera la mayi ake. Nkhani yoyamba inali ya wogulitsa nyama wapakona, amene sikelo yake inkabera anthu. Pofika masana inali itawanda m'mafoni.

Mayi ake anatulukira kukhitchini, magalasi ali pamphuno.

"Iwe, wanyamayu si uja amandiwonjezera kachiwindi?"

"Amayi, pano ndine woima pandekha."

"Chabwino, mwanangu. Koma tebuloli ndi la ndani?"

Nkhani ija inachoka msuzi usanazizire.